Harry Johnston: mlendo wa kalumo kakuthwa amene anamangitsa linga ku Phalombe

Amene mumakonda kutsegula Facebook kapena TikTok mwina mwakumanapo nawo makanema a mfuti zija za mipope isanu ndi umodzi yozungulira, zikulavula moto usiku pabwalo loyeserera zida, kandege kopanda woyendetsa n'kuphwasukira m'malere. Achinyamata timatumizirana makanemawa ngati zigoli za mpira. Mfuti yotchedwa M61 Vulcan ya ku America imatulutsa zipolopolo 6,000 pa mphindi imodzi, kutanthauza 100 pa sekondi. Kulira kwake sikumveka ngati kuwombera ayi, kumangomveka ngati wina akung'amba chinsalu chachikulu.

Zimaoneka ngati za kutali, za anthu a ndalama zawo. Komatu agogo ake a mfuti zimenezi anafika kuno kalekale, ndipo anathandiza nawo kuumba dziko limene lero tikulitcha Malawi. Umboni wina uli m'boma la Phalombe, pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pomwe pali mabwinja a linga la Fort Lister. Amene analamula kuti lingali limangidwe mu 1893 anali Harry Johnston, bwanamkubwa woyamba wa dziko lino. M'kalasi tinangomuphunzira ngati munthu amene anathetsa malonda a akapolo, basi. Mbiri yake yonse ndi yotalikirapo kuposa pamenepo, ndipo ikukhudza nkhani ya malo, msonkho ndi malire imene tikulimbana nayo mpaka lero.

Mnyamata wokonda kujambula

Henry Hamilton Johnston anabadwa pa 12 Juni 1858 ku Kennington mumzinda wa London. Sanali msilikali ndipo sanaphunzirepo za nkhondo. Anaphunzira zilankhulo ku King's College, kenaka zojambulajambula ku Royal Academy. Ankakondanso kukhala kumalo osungirako nyama akujambula mbalame ndi zilombo. Anali wamfupi, wa mawu aang'ono, moti ukanamuona panjira sukanaganiza kuti tsiku lina adzagwetsa mafumu.

Mu Africa analowa ngati wojambula. Anakhala ku Tunis cha m'ma 1879 ndi 1880, mu 1882 n'kupita ku Angola, ndipo chaka chotsatira anakumana ndi Henry Morton Stanley mumtsinje wa Congo. Mu 1884 anatsogolera ulendo wofufuza zomera ndi nyama paphiri la Kilimanjaro. Kumeneko ndi kumene anaonetsa luso lake lina: pamene amatola maluwa ndi tizilombo, anasainiranso mapangano a malo ndi mafumu a m'deralo. Akuluakulu a ku London anaona kuti kamnyamata aka kakhoza kuwagwirira ntchito.

Pofika 1886 anali wachiwiri kwa kazembe wa Britain ku Cameroon ndi kumathiriro a mtsinje wa Niger. Zomwe anachita kumeneko mu 1887 ndi zofunika kuzidziwa, chifukwa zikuonetsa khalidwe limene anabwera nalo kuno. Mfumu Jaja ya ku Opobo, ku Nigeria wa lero, inali italemera ndi malonda a mafuta a kanjedza ndipo imakaniza amalonda a Chingerezi kugula okha kumidzi. Johnston anaiitanira kuzokambirana ataitsimikizira kuti ibwerera kwawo bwinobwino. Itafika, anaiuza kuti isankhe: ikwere sitima ya nkhondo kapena mudzi wake uphulitsidwe. Jaja anakazengedwa mlandu ku Accra, n'kupititsidwa kuzilumba za West Indies. Anamwalira mu 1891 ali panjira yobwerera, osaonanso kwawo.

Tinatsala pang'ono kulankhula Chipwitikizi

Mu 1889 Johnston anasankhidwa kukhala kazembe wa Britain ku Mozambique. Asananyamuke, nduna yaikulu Lord Salisbury anamutuma ku Lisbon kukakambirana ndi Apwitikizi za malire. Pangano limene anabwera nalo likanapereka mapiri a Shire, kuphatikizapo Blantyre, Zomba ndi Mulanje, m'manja mwa Portugal. Mipingo ya ku Scotland, imene inali kale ndi mishoni ku Blantyre kuyambira 1876, inakana kwamtuwagalu. Abusa ndi akulu a mpingo zikwizikwi anasaina chikalata chotsutsa, ndipo Salisbury analitaya panganolo. Tangoganizani: munthu amene timamutcha woyambitsa boma la dziko lino ndi yemweyo amene poyamba anali wokonzeka kusinthanitsa chigawo cha kummwera ndi madera ena.

Atalephera kutigulitsa, anatumidwa kudzatitenga. Analowera pa Chinde, n'kukwera Zambezi ndi Shire. Panjira anakumana ndi Serpa Pinto, msilikali wa Chipwitikizi amene anali ndi gulu lalikulu la anthu onyamula zida, ndipo anamuchenjeza kuti asaoloke mtsinje wa Ruo. Johnston anapitirira kumpoto. Ku Nkhotakota anagwirizana ndi Jumbe, ku Karonga mu Okutobala anayanjanitsa kwa kanthawi Mlozi ndi kampani ya African Lakes, kwinaku akugawa mbendera ndi kusainitsa mafumu mapepala amene ambiri sankatha kuwawerenga.

Kumbuyo kwake zinthu zinavuta. Mu Novembala 1889 ankhondo a Makololo analimbana ndi gulu la Serpa Pinto kumunsi kwa Shire, ndipo anthu makumimakumi anagwa ndi mfuti za makina za Apwitikizi. Pa 11 Januwale 1890 Britain inalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake m'derali, apo ayi ubale wa mayiko awiriwa utha. Portugal inagonja. Pa 14 Meyi 1891 Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, ndipo pangano la mu Juni chaka chomwecho linakhazikitsa malire. Mzere umene lero umalekanitsa munthu wa ku Phalombe ndi msuweni wake wa ku Milange unachokera pamenepo.

Makina otulutsa zipolopolo

Kuti timvetse mmene munthu wa zaka 33, wokhala ndi asilikali ochepa chabe, anagonjetsera mafumu amphamvu, tiyenera kuona zida za nthawiyo.

Mfuti yozungulira inayambitsidwa ndi Richard Gatling wa ku America, amene analembetsa luso lakelo mu 1862. Mkuluyu anayamba kutchuka ndi makina odzalira mbewu, ndipo nzeru yogwetsa njere imodziimodzi m'nthaka ndi yomwe anaitembenuza kuti izigwetsa zipolopolo m'mipope. Msilikali amangopukusa chogwirira, mipope n'kumazungulira: wina ukulandira chipolopolo, wina ukuwombera, wina ukutaya khoko. Popeza mpope uliwonse umapumako, mfutiyo sitentha msanga. Zoyambirira zimatulutsa zipolopolo pafupifupi 200 pa mphindi. Angerezi anazigwiritsa ntchito pa Azulu ku Ulundi mu 1879. Mu 1893, chaka chomwe Fort Lister imamangidwa, Gatling analembetsa mfuti yopukusidwa ndi magetsi imene ankati ikhoza kufika zipolopolo 3,000 pa mphindi. Nzeru imeneyo inagona zaka zambiri mpaka pomwe ndege za nkhondo zinayamba kuthamanga kwambiri, anthu n'kuifukula. Mfuti za m'makanema zija ndi zidzukulu zake.

Koma imene inatchuka pogawana Africa inali ya Hiram Maxim, yopangidwa ku London mu 1884. Iyi inali ya mpope umodzi woziziritsidwa ndi madzi, ndipo mphamvu yobwerera m'mbuyo ikawombera ndi yomwe imalowetsa chipolopolo chotsatira. Imafika 600 pa mphindi. Ku Zimbabwe mu 1893, pamtsinje wa Shangani ndi ku Bembesi, ankhondo a Lobengula anagwa mazanamazana pamaso pa mfutiyi.

Nanga makolo athu anali ndi chiyani? Mikondo, mauta ndi mfuti za gogodera. Gogodera umathira onga kukamwa kwake, kusinja, kuika chipolopolo, kusinjanso, ndiye uwombere. Katswiri amawombera kawiri kaya katatu pa mphindi, ndipo mvula ikagwa onga umanyowa. Kuwonjezera apo, mu 1890 mayiko a ku Ulaya anagwirizana ku Brussels kuti aletse kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a mbali yaikulu ya Africa. Papepala cholinga chinali kuthana ndi malonda a akapolo. Zotsatira zake zinali zakuti mbali imodzi inatsala ndi gogodera pomwe inayo inali ndi mfuti za Snider ndi Martini-Henry, mizinga ndi Maxim.

Nkhondo za zaka zisanu

Johnston anabwerera mu Julayi 1891 ngati Commissioner, n'kukhazikitsa likulu ku Zomba m'nyumba imene lero ndi Hotel Masongola. Ndalama zoyendetsera boma sizinachokere ku London kokha. Cecil Rhodes, kudzera mu kampani yake ya British South Africa, amapereka mapaundi 10,000 pachaka. Ndi ndalama zimenezi, Captain Cecil Maguire anabwera ndi asilikali pafupifupi 70 ochokera ku India, Asikh ndi Asilamu. Kenaka anawonjezera Amakua a ku Mozambique ndi Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo mu 1893 kunabweranso Asikh ena 200.

Nkhondo yoyamba inachitikira m'dera la Mulanje lomweli. Mu Julayi 1891 Maguire anathira nkhondo mfumu ya Chiyao, Chikumbu, imene imakangana ndi azungu olima khofi m'tsinde mwa phiri. Kuchoka apo anapita kwa Mponda, komwe anamanga linga la Fort Johnston, Mangochi wa lero.

Tisaganize kuti mafumu amangogwa ngati nthochi. Mu Disembala 1891 Maguire anaphedwa panyanja ndi ankhondo a Makanjira. Mu Febuluwale 1892 mfumu Jalasi, amene mabuku a Angerezi amamulemba Zarafi, anabalalitsa gulu la boma n'kulanda mzinga, ndipo anausunga zaka zoposa zitatu. Panali nthawi imene boma la Johnston linali lendelende. Chinasintha zinthu ndi kubwera kwa asilikali owonjezera aja pamodzi ndi sitima za nkhondo, Pioneer ndi Adventure, zimene zinayamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1893.

Johnston mwini amapita nawo kunkhondo atanyamula ambulera yoyera. Anzake amaona ngati misala, chifukwa imamuonetsa kwa adani patali. Iye ankadziwa kuti kamunthu koyenda mosatekeseka pakati pa zipolopolo kamachititsa mantha kuposa mfuti.

Chinanso choyenera kunena ndi chakuti m'mapiri athu mfuti ya makina siinali yonse. Ndi yolemera, imafuna amtengatenga, ndipo m'matanthwe mdani samabwera pambalambanda. Chimene chimagonjetsa anthu kawirikawiri chinali mzinga wogumula malinga, kenaka moto. Midzi imatenthedwa, nkhokwe kupserezedwa, ziweto kutengedwa. Ogona ndi njala pambuyo pake sanali ogulitsa akapolo okha. Anali amayi, ana ndi akapolo omwewo amene amati akudzawaombola.

Linga la pampata

Bwanji Phalombe? Yankho lili pamapu. Magulu a amalonda ochokera kunyanja ndi kumapiri a Shire, onyamula minyanga ya njovu ndi kuyendetsa anthu ogwidwa, amadutsa m'chigwa cha Phalombe kulowera kugombe la Indian Ocean, ku Quelimane ndi madoko ena. Phiri la Mulanje ndi chimpanda chachikulu, choncho njira zinali ziwiri: kulambalala kummwera, kapena kudutsa pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi. Mafumu a Chiyao monga Matipwiri, Mkanda ndi Nthiramanja ndi amene amalamulira njirazi, ndipo amapeza nsalu, mikanda, mfuti ndi onga.

Johnston anatseka zipata zonse ziwiri. Mbali ina ya phiri kunamangidwa Fort Anderson, pampata wa kumpoto n'kumangidwa Fort Lister. Dzinali ndi la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa ku ofesi yoona za mayiko akunja ku London. Mu 1893 momwemo asilikali anamenyana ndi mafumu Nyaserera ndi Mkanda. Matipwiri ndi Nthiramanja anagonjetsedwa mu 1895, chaka chomwe Jalasi anathamangitsidwa paphiri lake ndipo mzinga uja unabwezedwa.

Lingali silinali la nkhondo chabe. Munali ofesi ya bwana wotolera msonkho, ndipo milandu imaweruzidwa pomwepo. Kwa munthu wamba wa m'chigwa, boma linayamba kuoneka ndi maso pampata umenewu: mbendera, msilikali wa nduwira, ndi kaundula wa msonkho. Linagwira ntchito zaka pafupifupi khumi zokha, kenaka n'kusiyidwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1900. Lero patsala zipupa zogumuka ndi manda. Amodzi mwa mandawo ndi a Gilbert Stevenson, wogwira ntchito m'boma la Johnston, msuweni wa Robert Louis Stevenson amene analemba buku la Treasure Island. Alendo okwera phiri amadutsa pomwepa popita kapena potsika ku Sombani.

Nkhondo yomaliza ya Johnston inali ya ku Karonga. Mu Disembala 1895 asilikali ake anazinga linga la Mlozi, mizinga ikugumula makoma mvula ili pakati. Mlozi anagwidwa, anazengedwa mlandu pamaso pa mafumu a Chinkhonde, n'kupachikidwa. Malinga ndi chiwerengero cha Johnston, akapolo 569 anamasulidwa. Kwa anthu amenewo ndi abale awo, tsikulo linali la chiombolo chenicheni, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezi.

Atachoka iye, makina amene anawasiya anapitiriza ntchito pansi pa Alfred Sharpe. Mu 1896 Inkosi Gomani Woyamba anaphedwa ku Ntcheu. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera kuno anakagonjetsa Angoni a Mpezeni kufupi ndi Chipata, ndi mfuti za Maxim ndi mizinga, ndipo mwana wa mfumu, Nsingo, anawomberedwa. Angoni amenewa sanathiridwe nkhondo chifukwa cha njira ya akapolo ya ku Quelimane. Apa nkhani inali ya ulamuliro, malo ndi ng'ombe. Gulu la asilikali lija linasanduka British Central Africa Rifles, mu 1902 n'kulowa mu King's African Rifles, muzu wa asilikali a dziko lathu lero.

Cholembera chinaposa mfuti

Paja akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Johnston kanali konsekonse: kanadula goli la kapolo, kanadulanso munda wa mwini dziko.

Asanafike, azungu angapo anali atatenga kale malo aakulu kwa mafumu posinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Mfumu imaona ngati yapatsa mlendo polima monga mwa mwambo, mlendoyo akuwerenga kuti wagula mpaka muyaya. Johnston anafufuza zonena za anthuwa, ena anawachepetsera, koma ambiri anawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Maekala oposa 3 miliyoni ndi theka analowa m'manja mwa makampani ndi azungu ochepa. Mwa opindula munali African Lakes, Eugene Sharrer, ndi banja la Bruce limene linatenga Magomero. M'zikalata zambiri munali mawu oteteza midzi ndi minda imene inalipo kale kuti isasunthidwe. Koma ulimi wa makolo unali wosamukasamuka. Munthu akangosiya munda wotopa n'kutsegula wina, chitetezo chija chimatha, iye n'kusanduka mlendo panthaka ya agogo ake.

Kenaka msonkho. Unayamba pa masheleni 6, anthu ndi amishoni atadandaula unatsika kufika masheleni 3 pa nyumba mu 1894. Ndalama ya mzungu ukanaipeza kuti? Kumunda wa mzungu yemweyo. Wokana kulipira nyumba yake imatha kutenthedwa. Apa mpamene mfuti ndi kaundula zinagwirana manja: mfuti imagonjetsa mfumu kamodzi, msonkho umagonjetsa banja chaka ndi chaka.

Kwa anthu a ku Phalombe nkhaniyi ili ndi mbali ina. Kuyambira kumapeto a zaka za m'ma 1890, Alhomwe ambiri anayamba kuoloka malire kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anadutsa m'zigwa zomwezi zimene kale zimadutsa magulu a akapolo. Popeza anali obwera, mawu oteteza midzi yakale aja sankawakhudza. Eni minda anawalandira ndi manja awiri, koma malipiro a pokhala anali thangata, kugwira ntchito miyezi ingapo pachaka m'munda wa bwana. Mawu amene kale amatanthauza kuthandizana pakati pa anansi anasanduka dzina la ukapolo watsopano. Mkwiyo umenewu ndi umene unaphulika ku Magomero mu Januwale 1915, ndipo John Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale akuthawira kumalire a Mozambique, kumbali yomweyi ya dziko.

Munthu wa nkhope zambiri

Chovuta ndi Johnston n'chakuti sakwana m'thumba limodzi. Munthu yemwe amalamula kutentha midzi ndi yemweyo amakhala usiku akulemba mawu a Chimang'anja, Chiyao ndi Chitonga m'kabuku. Anabwera ndi katswiri wa zomera, Alexander Whyte, amene anayambitsa munda wa zomera ku Zomba ndi kutumiza ku London zitsanzo za mkungudza wa m'phiri la Mulanje. N'chifukwa chake mtengo wa fuko lathuwu dzina lake la sayansi ndi Widdringtonia whytei. Mu nthawi yake munayamba positi, makhoti, msewu ndi nyuzipepala ya boma ya British Central Africa Gazette. Buku lake la British Central Africa, lotuluka mu 1897, mpaka lero ofufuza mbiri amalitsegula. Koma m'buku lomwelo muli maganizo onyoza munthu wakuda, omuona ngati woyenera kugwira ntchito ya manja pansi pa mzungu, Mmwenye ali pakati.

Malungo a mkodzo wakuda anamugwira kangapo, ndipo mu 1896 anachoka kuno osabwereranso kudzalamula. Chaka chomwecho anapatsidwa ulemu wa Sir ndipo anakwatira Winifred Irby. Anakagwira ntchito ku Tunis, kenaka mu 1899 anatumidwa ku Uganda. Pangano la Buganda la mu 1900, limene linagawa malo pakati pa boma, Kabaka ndi mafumu, ndi ntchito yake, ndipo nkhani ya malo imeneyo ikuvutabe ku Uganda. Ali komweko anapeza chikopa ndi zigaza za nyama ya m'nkhalango za Congo imene asayansi a ku Ulaya sankaidziwa, ngakhale eni nkhalango amaidziwa kuyambira kale. Nyamayo ndi okapi, ndipo inapatsidwa dzina la Okapia johnstoni.

Atabwerera kwawo mu 1901, nyenyezi yake inazima. Anali atakangana ndi Rhodes, ndipo akuluakulu a boma ankamuona ngati wolankhulitsa. Sanapatsidwenso udindo waukulu. Ana ake amapasa anamwalira atangobadwa mu 1902. Mu 1903 anaimira nawo chisankho cha phungu ku Rochester, n'kugwa. Zaka zotsalazo anathera polemba mabuku ambirimbiri. Anadzudzula nkhanza za mfumu Leopold ku Congo. Mu 1908 anapita ku America ataitanidwa ndi pulezidenti Theodore Roosevelt, ndipo ulendowo unabala buku lonena za moyo wa anthu akuda kumeneko. Ntchito imene ankainyadira kwambiri inali yofananiza zilankhulo za Chibantu mazana angapo, imene inatuluka m'mabuku awiri mu 1919 ndi 1922. Anamwalira mu 1927 ali ndi zaka 69, ndipo anaikidwa m'mudzi wa Poling ku Sussex.

Timukumbukire bwanji?

Pali anthu amene amafuna yankho la liwu limodzi: ngwazi kapena chigawenga. Onse awiri akuthawa ntchito yoganiza.

Malonda a akapolo anali enieni. Midzi ya Amang'anja ndi Anyanja inatha, ana amasinthanitsidwa ndi nsalu, ndipo ogulitsawo ambiri anali anthu akuda anzathu. Amene amakana izi pofuna kuyeretsa mafumu akunamiza mbadwo. Njira ya pa Fort Lister inatsekedwadi, ndipo pali mabanja lero amene alipo chifukwa gogo wawo sanafike ku Quelimane.

Komanso n'zoona kuti dzina la kuthetsa ukapolo linakhala chiphaso chothira nkhondo mfumu iliyonse yokana msonkho kapena mbendera. Jumbe wa ku Nkhotakota, amene malonda ake a akapolo amadziwika ndi aliyense, anasiyidwa pampando n'kumalandira ndalama za boma chifukwa anavomera kugwirizana ndi Angerezi. Ndiye muyezo unali uti, kugulitsa anthu kapena kukana kugonja? Ndipo amene anaomboledwa ku goli, ana awo anakagwira thangata.

Gatling ankakhulupirira kuti mfuti yake ichepetsa imfa, poti msilikali mmodzi azigwira ntchito ya anthu 100 ndipo magulu a nkhondo achepa. Mbali yoyamba inachitikadi: anthu ochepa anatha kugonjetsa ambiri. Imfa zokha sizinachepe, zinangosamukira mbali imodzi. Johnston naye ankakhulupirira kuti nkhondo zake zazifupi zibweretsa mtendere wautali. Mtendere unabwera, koma eni ake a dziko sanafunsidwe mtengo wake. Chida chilichonse chatsopano chimabwera ndi lonjezo lakuti chikudzateteza anthu, ndipo funso loyenera kufunsa nthawi zonse ndi lakuti chili m'manja mwa yani, nanga amene chamuloza ali ndi ponena?

Phalombe, imene inakhala boma palokha mu 1998 itachoka ku Mulanje, lero ili ndi anthu oposa 400,000 odalira timinda tochepa. Mnyamata wa ku Migowi kapena ku Chiringa akamadabwa kuti bwanji malo ndi ochepa chonchi kummwera kuno, bwanji abale ake ena ali ndi chiphaso cha Mozambique, bwanji agogo ankanjenjemera akamva za msonkho, mayankho ena ali pampata uja. Mu 2011 dziko la Malawi linaika Fort Lister pamndandanda woyembekezera wa UNESCO, pamodzi ndi malo ena a njira za akapolo monga Nkhotakota, Karonga ndi Fort Mangochi. Ndi poyambira pabwino, koma mndandanda suphunzitsa mwana.

Sukulu za m'bomali zili pafupi ndi malowa kuposa mlendo aliyense wochokera ku Ulaya. Aphunzitsi a mbiri atatenga ana kukaona zipupazo, akawauze nkhani yonse: za ogwidwa amene anadutsa pampatapo atamangidwa, za Matipwiri ndi Mkanda ndi malonda awo, za Asikh, Amakua ndi Atonga amene anamenya nkhondo ya eni ake, za midzi imene inapsa, ndi za zikalata zimene zinasainidwa ku Zomba. Akuluakulu a m'midzi yozungulira ali ndi zimene anamva kwa makolo awo, ndipo mafoni amene timaonera makanema a mfuti akhoza kujambula mawu awo asanapite nawo kumanda. Mbali ya Johnston inalembedwa kale, ndi dzanja lake lomwe, m'buku la masamba mazanamazana. Mbali ya anthu a m'chigwa cha Phalombe ikudikirabe woilemba.